Chipata Chimene Ba Sitali Anachipitirira

Chaka chatha chimwalirire Ba Sitali, koma mtima wanga sunaphwe ndi zimene zinalembedwa pa maliro awo. Kapepala ka ndondomeko ya mwambowo ndili nako, pakuti ine pepala lililonse lofika m'manja mwanga ndimalisunga. Pansi pa chithunzi chawo analembapo kuti anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza. Analembanso kuti anali woyendetsa sitima, chonsecho mkuluyo sanayendetsepo sitima chibadwire. Iye anali woyang'anira siteshoni, munthu wolamula kuti sitima iime kapena ipite. Wina anganene kuti izi nzazing'ono. Si zazing'ono ayi. Munthu mukamulanda ntchito yake ndi mikangano yake, amene mwamuika m'manda ndi wina.

Ine ndine Tembo, wa kum'mawa. Ndinali kalaliki m'boma, ndipo nditapuma ntchito anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya zaumoyo kwathu kuno ku Maramba. Wapampando anali Ba Sitali, Mlozi wa kumadzulo, cha kumsewu wopita ku Sesheke, amene njanji inamubweretsa mu Livingstone akadali mnyamata. Tinakhala pa benchi imodzi zaka zambiri, ndipo sindikumbukira msonkhano umene tinatulukamo titagwirizana.

Anali wamtali, wowonda, woyenda ngati akuyesa nthaka. Jekete yakuda ya ku njanji sankaivula ngakhale m'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la kuno limasungunula phula. Pamsonkhano sankalola kuti mabanzi ndi zakumwa zilowe nkhani isanathe, ati munthu wotafuna amavomera chilichonse. Akafuna kuletsa wolankhula, ankangokweza dzanja lamanja mowongoka ngati mbendera yofiira, ndipo ngakhale abusa ankadukiza mawu.

M'mawa uliwonse ankayenda pansi kuchoka ku Maramba kukafika kuchipatala chachikulu. Minibasi ankaikana. Kumeneko sankalowa m'mawodi. Ankaima panja, pomwe amatsikira odwala ochokera m'maboma akutali, nkumalonjera achibale obwera nawo: mayi wopanda nsapato, bambo wonyamula bulangeti ndi kapoto, anthu amene tauni sakuidziwa. Sankawafunsa kuti wodwalayo akumva chiyani. Funso lake linali limodzi, loti ananyamuka liti kwawo. Akamva yankho ankapukusa mutu, ndipo madzulo ena mwa anthu aja ankapezeka atayala mphasa pakhonde pake. Mkazi wake, Bana Mwangala, ankadandaula kuti anakwatiwa ndi siteshoni, osati mwamuna, komabe madzi osamba ankawatenthetsera alendowo.

Mkangano wathu unali umodzi, umene unkangosintha malaya. Ba Sitali ankafuna kuti chipatala chilichonse cha kumudzi chikhale ndi chipinda chakechake cha ngozi ndi matenda adzidzidzi. Ankakonda kunena kuti matenda sadziwa malire a boma, ndiponso kuti njanji ya siteshoni imodzi si njanji. Ankatamanda sitima ya ku Mulobezi, imene aliyense mu tauni muno amaiseka chifukwa choyenda ngati nkhono, ati iyo ndiyo sitima ya anthu chifukwa imaimira ngakhale mayi mmodzi ndi mbuzi yake. Ine ndinkati ayi. Madokotala ndi ochepa, magazi ndi ochepa, zipangizo nzochepa. Nkhuni zomwazika siziphika nyemba. Tisonkhanitse zonse pamalo amodzi mu tauni, ndipo m'maboma muikidwe maambulansi abwino othamangitsa odwala. Maganizo amenewa sindinawasiye mpaka lero.

Chifukwa cha mafailo amene ndinkabwera nawo, ankanditcha Ba Failo.

"Ba Failo," ankatero, "ambulansi yanu ija ili mu pepala. Manje muntu angakwele pepala?"

"Nanga chipinda chanu chopanda dokota, Ba Sitali, ni chipatala olo ni chipinda chogona?"

"Ni poyambila. Imwe ba kum'mawa mufuna mwana abadwe na ndevu."

Tikatero tinkatuluka, iye kutsogolo ine pambuyo, nkukagula chimanga chootcha pamsika, nkumadya tili chiimire, osayang'anana.

Iye sanathere pakamwa. Kwawo kuli chipatala chaching'ono m'mphepete mwa msewu wa phula. Ba Sitali anapita kumeneko maulendo osawerengeka, nkuyenda mudzi ndi mudzi, mpaka anthu anavomera kuumba njerwa. Amayi anatunga madzi, amuna anaponda dothi, achinyamata anatema mitengo yootchera. Chipinda chinamangidwa. Akuluakulu a zaumoyo anaperekako bedi, botolo la mpweya ndi namwino wodziwa za ngozi, Sisita Monde. Furiji yosungira magazi analonjeza kuti ibwera pambuyo. Tsiku lotsegulira ine sindinapite, chifukwa sindikanatha kuombera m'manja chinthu chimene ndinkachitsutsa. Atabwerako anandipatsa kapepala ka mwambowo, ati ndikaike mu failo ya zinthu zimene ndinati sizingatheke. Ndinakaikadi.

Achinyamata a pamsika wa Maramba amene m'zaka zake zomaliza ankamutcha Ba Ekisipulesi, dzina la sitima yothamanga, ambiri sankadziwa kumene dzinalo linachokera. Ena ankaganiza kuti nchifukwa cha kayendedwe kake. Iye akalimva ankakweza chipewa nkupitirira, koma ine amene ndinkayenda naye ndinkaona nsagwada zake zikulimba. Nkhani yake ndi iyi, monga anandifotokozera Mulenga, mkamwini wake, amene amayendetsa takisi mu tauni muno ndipo ndiye anali pa chiwongolero tsikulo.

Anapita kumudzi kukapepesa maliro, Ba Sitali, mkazi wake ndi Mulenga. Dzuwa lili pamutu, Bana Mwangala anagwa kuseri kwa nyumba nkuyamba kusanza magazi. Anawanyamula nkuwagoneka kumpando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo ya mwamuna wawo. Wachibale wina anaimbira foni Sisita Monde kuti akonzeke, mkazi wa mwini chipinda akubwera. Mbiri inathamanga kuposa galimoto. Pamene ankatuluka mumsewu wafumbi kulowa pa phula, pachipata cha chipatala panali pataima Sisita Monde ndi anzake, machira ali m'manja, chitseko cha chipinda chili chotsegula. Panalinso anthu a m'midzi yapafupi, ena mwa iwo omwe aja anaumba njerwa.

Mulenga anachepetsa liwiro nkuyatsa nyali yokhotera.

"Pitiliza," anatero Ba Sitali.

Mulenga anayang'ana pagalasi, kuganiza kuti sanamve bwino. "Ba tata, ni pano. Batiyembekeza."

"Nakamba pitiliza. Ku tauni."

Mkamwini satsutsana ndi mpongozi wake kawiri. Mulenga anazimitsa nyali ija nkuponda mafuta. Akuti anaona pagalasi Sisita Monde akuthamangira mumsewu, dzanja lili m'mwamba, kuyesa kuti dalaivala wasochera. Ba Sitali sanacheuke. Ulendo wonse, m'maenje onse a msewu umene uja, anagwira mutu wa mkazi wake nkumamuyankhula m'Chilozi, kumuuza mayina a midzi imene ankadutsa, kuti asagone. Atafika kuchipatala chachikulu, mayiyo anamuika magazi nkumulowetsa ku opaleshoni. Anachira. Mpaka lero ali moyo.

Pasanapite nthawi yaitali, kunabwera akuluakulu kudzamva maganizo a anthu pa nkhani yomwe ija: kodi zipinda za ngozi za m'maboma zipitirire, kapena zonse zisonkhanitsidwe mu tauni? Msonkhano unachitikira mu holo ya tchalitchi, ndipo munadzaza. Munali amalonda, aphunzitsi, anyamata a mawilibala, amayi a ana kumsana. Ine ndinakhala kutsogolo ndi cholembera. Ndinali nditatsimikiza mumtima kuti za ulendo uja sinditchula, pakuti mfundo zanga zinali zokwana popanda kuponda pabala la munthu.

Koma mu komiti yathu munali Ba Mutinta, mayi wa Chitonga wogulitsa nsomba zouma pamsika. Kuno Atonga ndi Alozi ndi pachimbuya: amanyozana poyera, pamaliro ngakhale paukwati, ndipo wonyozedwayo saloledwa kukwiya. Ba Sitali atangoimirira nkukonza jekete, mayiyo anakuwa ali pampando.

"Ba Ekisipulesi, nkhalani pansi! Sitima yanu siimilila pa ma siteshoni yang'ono!"

Holo yonse inagwa nacho chiseko. Ngakhale alendo a patebulo lapamwamba anabisa pakamwa, kusonyeza kuti nkhaniyo anali ataimva kale.

"Mwapangisa bantu njelwa," anapitiriza Ba Mutinta, "imwe mweka mwapita vuu, monga simubaziba. Ba Lozi, mwanyanya! Chakudya mwaphika mweka, mwakana kulawa."

Ba Sitali anadikira mpaka chiseko chitatha. Dzanja lija sanalikweze.

"Mbuya wanga wakamba zoona," anatero. "Ninapitilila. Olo lelo ningapitilile futi."

Anayang'ana anthu onse nkupitiriza.

"Mukazi wanga enze kutaya magazi. Mu chipinda muja mulibe magazi. Ine nenze kuziba kupambana aliyense, chifukwa ndine ninapempha fuliji, ndine nikali kuyembekeza. Nenze na mpongozi wa takisi, na mafuta mu tanki. Manje imwe Ba Mutinta, mulongo wanu ku munzi ali na mpongozi wa takisi? Ali na ngolo na ng'ombe. Uja azapitilila kuyenda kuti?"

"Ambulansi izabwela," anayankha mmodzi wa alendo aja.

"Ikabwela, ba bwana, izapeza muntu ali pati? Pansi pa mutengo?" Kenaka Ba Sitali anatembenukira kwa ife tonse. "Mwaona chipinda chilibe magazi, mwati titseke chipinda. Ise ku njanji nyali ya siginolo ikafa tenze kukonza siginolo. Sitenze kuzula njanji."

Mawu amenewa ndinawalemba monga anawanenera, ndipo ali m'mabuku a komiti. Ena anaomba m'manja. Ba Mutinta anati, "Mulozi akagwa amagwa na mulomo pamwamba," anthu nkusekanso, koma chiseko chake chinali chitachepa mphamvu. Ine ndinaimirira pambuyo pake nkunena zanga za nkhuni zomwazika, monga ndinkanenera nthawi zonse. Potuluka anandiuza kuti ndinalankhula bwino, kungoti ndinalankhula zolakwika.

Chiseko cha mu tauni sichinamupweteke kwenikweni. Chimene chinamudya chinali kwawo. Mkazi wake atatuluka m'chipatala, Ba Sitali anakwera basi yekha kupita kwa Sisita Monde. Anafika pachipata chija, nkuvula chipewa, nkugwada pafumbi, nkuomba m'manja monga achitira Alozi pamaso pa wamkulu, chonsecho namwinoyo anali msinkhu wa mwana wake. Zimene anayankhidwa anandiuza yekha, ndipo aka kanali koyamba kumuona akulankhula maso ali pansi. Sisita Monde anamudzutsa, nkumuuza kuti iye monga namwino akumvetsa, ndipo akanakhala iye akanachita chimodzimodzi. Koma anati anthu anaona. Anati tsopano mayi akadwala, mwamuna wake amanena kuti ngakhale mwini chipinda sanaime, ndiye ife tikatayirenji nthawi kumeneko. Ena ankapita kukadikira galimoto pamsewu, ena ankangokhala kunyumba. Odwala obwera kuchipindako anachepa, ndipo amene amawerenga mabuku a chipatala anaona kuti chipinda sichikugwira ntchito.

Anayesetsa kukonza. Anabwereranso m'midzi ija kukafotokoza kuti chipindacho chimathandiza wolumidwa ndi njoka, mwana wobanika, munthu wothyoka mwendo, ndi kuti vuto la mkazi wake linali lina. Anthu ankamulandira mwaulemu, kumupatsa mpando, kumumvetsera mpaka amalize. Akachoka ankati mkulu uja watiumbitsa njerwa za nyumba imene iye sagonamo.

Tsiku lina ndinamufunsa pakhonde pake ngati ankanong'oneza bondo.  Amene anayankha ndi Bana Mwangala, amene ankasesa pabwalo, ataonda koma ali chiimire.

"Ba Tembo, musabafunse. Sembe banaimilila, lelo bali na chipinda chawo, balibe mukazi. Basankhe."

"Ninasankha kale," anatero Ba Sitali.

"Manje mulila chani?"

"Sinilila. Niganiza chabe."

"Ganizani uku mukweza mendo, nipyange."

Anakweza miyendo, mayiyo nkusesa pansi pa mpando. Pambuyo pake anandiuza motsitsa mawu kuti akamuona mkazi wake m'mawa, sapeza cholakwa chimene anachita, koma akafika kuchipatala nkufunsa anthu akwawo kuti ananyamuka liti, cholakwacho amachipeza chikumudikira.

Chigamulo chinabwera patapita miyezi. Zipinda za ngozi za m'zipatala zing'onozing'ono zinatsekedwa, anamwino ake nkusamutsidwa, ndipo analonjeza maambulansi oti azidikira m'maboma usana ndi usiku. Anthu anandigwira chanza pamsika, ati Ba Tembo mwapambana. Ndinapambana chiyani? Ine ndinapempha zinthu ziwiri zoyendera limodzi, kusonkhanitsa ndi kunyamula. Akuluakuluwo anachita chosavutacho, chotseka zitseko, chinacho nkuchisiya. Kwawo kwa Ba Sitali kunapita ambulansi imodzi yogawana ndi madera ena, ndipo nthawi zambiri imakhala ikudikira matayala kapena mafuta. Ndalemba makalata, ndipo makope ake ndili nawo pamodzi ndi mayankho onena kuti nkhaniyo ikuunikidwa. Mfundo yanga sinayesedwe nkomwe, monganso yake sinayesedwe, pakuti furiji ija sinafike. Anatikanganitsa zaka zonsezi pa zinthu ziwiri zimene panalibe amene ankafuna kuzimaliza.

Ba Sitali sananenepo kuti ndinakuuzani. Tsiku limene chigamulo chinamveka anafika kwanga ku nyumba, chinthu chimene sankachita, nkukhala pampando osavula jekete.

"Ba Failo, manje tizakangana chani?"

"Ambulansi," ndinatero.

"Iyo tili mbali imozi. Sivizawama."

Ndipo zoonadi sizinakome. Tinayenda limodzi m'maofesi, iye kulankhula ine kupereka mapepala, koma moto uja unali utazima. Kuchipatala m'mawa sanasiye kupita, mpaka miyendo inayamba kutupa. Anamwalira kunyumba kwake ku Maramba, masana, ali pampando, wailesi ikulira. Mwambo wa tchalitchi unachitikira kuno, thupi nkupita kwawo. Ine sindinaperekeze chifukwa cha bondo langa.

Mwezi wathawu banja linandiitana ku mwambo wovundukula mwala wa pamanda. Tinakwera takisi ya Mulenga, Bana Mwangala kutsogolo, ine kumbuyo. Mulenga ndi Mbemba, ndipo Abemba ndi ife akum'mawa tilinso pachimbuya, choncho njira yonse ankandifunsa ngati ndanyamula mbewa za kamba wa paulendo, ine nkumamuuza kuti ayang'ane msewu asagunde anyani, abale ake angamudandaule. Titayandikira chipatala chija, nthabwala zinatha zokha. Ndinamupempha kuti aime. Chipinda chimenechi ndinachitsutsa m'misonkhano, ndinachilemba m'mabuku, ndinali ndi kapepala ka tsiku lochitsegulira, koma ndi maso ndinali ndisanachione.

Bana Mwangala anati iwo atsala m'galimoto.

Chipatala chenichenicho chikugwira ntchito, ndipo pakhonde pake panali amayi odikira sikelo ya ana. Chipinda cha ngozi chili pambali, chayokha, pafupi ndi chipata. Nchaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Njerwa zake nzosiyana misinkhu ndi mitundu, zina zofiira zina zakuda, chifukwa mudzi uliwonse unaumba ndi chikombole chake, ndipo pa zina pakuoneka zala za amene anazinyamula zisanaume. Pachitseko pali loko wadzimbiri. Ndinasuzumira pawindo. Bedi lilipo, lopanda matiresi. Pakhoma pali unyolo umene unkagwira botolo la mpweya, ukungolendewera. Pakona anamanga kaguwa ka simenti, kosalala bwino, ndi soketi ya magetsi pamwamba pake, ndipo sindinafunikire wondiuza kuti pamenepo mpamene pankayenera kukhala furiji. Pakaguwapo palibe ngakhale chizindikiro choti panakhalapo kanthu. Mavu amanga zisa kudenga.

Panja, khomo lake alipangira njira yotakata yotsetsereka, yopanda masitepe, yoti ngolo ifike mpaka pachitseko. Pambali pake anazika mtengo wa mopani womangirirapo ng'ombe. Chingwe chinayamba kuudya mtengowo, nkusiya kamzere kosaya, koma sikanapitirire. Udzu wamera m'ming'alu ya simenti mpaka kufika m'mawondo. Mumchenga wa kunja kwa mpanda munali mikwasa yatsopano ya matayala a ngolo ndi mapazi a ng'ombe. Ndinaitsatira ndi maso. Inachokera kumidzi, nkudutsa pachipata osakhota, nkukathera pansi pa mtengo wa m'mphepete mwa phula, pomwe anthu amaimika galimoto zopita ku tauni.